Nsadzu, malesa ndi njoka: yankho kwa aphunzitsi a ku Ntchisi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pulayimale ku Ntchisi. Akuti ali mkati mophunzitsa za njuchi, mwana wina anakweza dzanja n'kunena kuti agogo ake amati kutchire kuli mbalame yolondolera anthu ku uchi, ndipo ukaimana malesa, tsiku lina imakakusiya pa njoka. Anzake anaseka. Aphunzitsiwo anamuuza kuti ayankha mawa, ndiye usiku womwewo anandilembera kuti: "Kodi zimenezi n'zoona kapena ndi nthano za pamoto? Nanga ngati n'zoona, bwanji ife sitikuimvanso mbalameyi?"

Aphunzitsi, zikomo kuti simunamukhazike pansi mwanayo ndi mawu oti zimenezo n'zachikale. Mbalameyo ilipo. Kwathu timati nsadzu, Ayao amati sego, ndipo m'mabuku a sayansi ili ndi dzina loti Indicator indicator, kutanthauza mlozi. Agogo a mwanayo sananame ngakhale pang'ono pa nkhani ya uchi. Pa nkhani ya njoka ndi pamene tiyenera kuyenda pang'onopang'ono, ndipo ndifikapo.

Ine ndinaiona koyamba ndili mnyamata, ndikutsatira amalume m'tchire la mitengo ya mombo, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo. Iwo nkhwangwa paphewa, ine chidebe m'manja. Amayenda akuimba likhweru, apo ndi apo akugogoda tsinde la mtengo ndi msana wa nkhwangwa. Mwadzidzidzi tinamva kaphokoso ngati munthu akugwedeza bokosi la machesi losadzaza. Kambalame kosaposa njiwa, kotuwira, kapakhosi pakuda, kanatera pa nthambi yapafupi, kakulongolola osapuma. Titangoyandikira kanauluka, nthenga zoyera za m'mbali mwa mchira zikuonekera, n'kukateranso patsogolo. Amalume amakayankha ndi likhweru lomwe lija kuti kadziwe kuti tikubwera. Tinatero mtunda ndithu. Kenaka kanangoti zii pa mtengo wina, osapitanso patsogolo. Amalume anaika dzanja pachipumi n'kuyang'ana m'mwamba molunjika kudzuwa, ndipo ndinaziona nanenso: njuchi zikulowa ndi kutuluka pa kabowo ka mphako. Atamaliza kufula ndi muuni wa udzu wokutira masamba aawisi, anasankha lesa lopanda uchi wambiri koma lodzaza ana a njuchi, n'kuliika pa masamba pansi pa mtengo. Anati, "Ili n'la mwini wake."

Chimene nsadzu imafuna ndi phula ndi ana a njuchi. Ndi mbalame zochepa kwambiri padziko zimene mimba yake imatha kugaya phula, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo. Vuto lake n'lakuti ilibe nkhwangwa ndiponso ilibe moto. Imadziwa mphako zonse za m'dera lake, koma singathe kuswa mtengo, ndipo njuchi zikaiunjikira zitha kuipha. Munthu ali ndi zida ziwirizo, koma atha kuyenda tsiku lonse khosi lili m'mwamba osaona kanthu. Ndiye aliyense amabweretsa chake.

Dyera lake pa phula linalembedwa kalekale. M'chaka cha 1588 wansembe wachipwitikizi dzina lake João dos Santos, ali ku Sofala m'dziko la Mozambique, ankaona kambalame kakulowera m'ming'alu ya tchalitchi chake kudzajompha phula la makandulo. Analemba kuti anthu a kumeneko amakatcha "sazu". Litchuleni mokweza dzinalo, aphunzitsi, mumva nokha kuti ndi nsadzu yathu yomweyi, zaka zoposa 400 zapitazo.

Asayansi anatenga nthawi kuti akhulupirire. Umboni woyamba woyezedwa bwino unatuluka mu 1989, pamene Hussein Isack, Mkenya, ndi mnzake Heinz-Ulrich Reyer anatsatira ofula uchi a mtundu wa Boran kumpoto kwa Kenya. Anapeza kuti m'dera losalidziwa, munthu wopanda mbalame ankatha maola pafupifupi 9 asanapeze njuchi, pamene wotsogozedwa ankangotha maola atatu ndi mphindi zochepa.

Koma kafukufuku amene ine amandikhudza kwambiri anachitikira pafupi ndi kwathu konkuno, kuseri kwa nyanja, m'nkhalango ya Niassa kumpoto kwa Mozambique. Ndi nkhalango yaikulu, ya masikweya kilomita oposa 42,000, ndipo mkati mwake muli midzi ya Ayao, abale awo a anthu a ku Mangochi ndi Machinga. Ofula uchi a kumeneko ali ndi kaitanidwe kawokawo: amanjenjemeretsa milomo kuti "brrrr" n'kumaliza ndi kubuula kwakufupi, "hm". Amati anaphunzira kwa abambo awo, ndipo sakagwiritsa ntchito pa china chilichonse koma kuitana sego. Claire Spottiswoode, katswiri wa mbalame wa ku mayunivesite a Cambridge ndi Cape Town, pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg amene akhala zaka zambiri ku Niassa, anafuna kudziwa ngati mbalame imamvadi tanthauzo la kaitanidweko, kapena imangobwera chifukwa yamva phokoso la munthu. Anajambula mawu a mitundu itatu: kaitanidwe kaja, mawu wamba a Chiyao, ndi kulira kwa njiwa. Ankayenda m'tchire ndi ofula uchi maulendo a mphindi 15, okwana 72, sipika ikulira mtundu umodzi wa mawu paulendo uliwonse, mokweza chimodzimodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2016. Akaliza mawu wamba, mbalame inkabwera kudzatsogolera pa maulendo 25 mwa 100 alionse, ndipo akaliza kulira kwa njiwa, pa maulendo pafupifupi 33. Akaliza "brrrr-hm", chiwerengero chinkafika pa 66. Mwayi wopeza njuchi unakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 mwa 100. Ndipo pa maulendo anayi alionse amene mbalame inatsogolera anthu, atatu anatheradi pa njuchi.

Taganizani, aphunzitsi. Galu amamva mluzu wa mbuye wake chifukwa anakulira pakhomo ndipo amadya mkute. Nsadzu palibe anaiweta, palibe anaiphunzitsa, ndi nyama ya m'tchire. Koma imasiyanitsa munthu wongodutsa akuyankhula ndi munthu amene akunena kuti: ndili ndi nkhwangwa, ndili ndi moto, tiye.

Nkhani inapitirira mu 2023. Spottiswoode anagwirizana ndi Brian Wood, amene amagwira ntchito pakati pa a Hadza a kumpoto kwa Tanzania. A Hadza amaitana mbalame yomweyi ndi likhweru lokhala ngati nyimbo. Ofufuzawo anasinthanitsa: analiza likhweru la a Hadza ku Niassa, n'kukaliza "brrrr-hm" wa Ayao ku Tanzania. Mbalame za ku Tanzania zinkayankha likhweru la kwawo kuposa katatu poyerekeza ndi kaitanidwe kachilendo, ndipo za ku Niassa zinkayankha Ayao pafupifupi kawiri kuposa likhweru. Kunena kwina, nsadzu imaphunzira chiyankhulo cha anthu a m'dera lake. Ngakhale kusiyana kwa kaitanidweko kuli ndi chifukwa. A Hadza amayenda ndi uta, ndiye likhweru lomveka ngati mbalame silithamangitsa nyama. Ayao a ku Niassa amayenda m'tchire la njovu, njati ndi mikango, ndipo iwo eni amati mawu aphokoso amathandiza kuti zilombozo zipatuke.

Chodabwitsa n'chakuti nsadzu siikula ndi makolo ake. Yaikazi imaikira dzira m'chisa cha mbalame zina, makamaka zoikira m'mphako kapena m'mauna, ndipo nthawi zambiri imaboola mazira a eni chisa. Mwana wake amaswa ali wosaona, wopanda nthenga, koma ali ndi timbedza takuthwa kunsonga kwa mlomo. Ku Choma, kum'mwera kwa Zambia, Spottiswoode yemweyo anaika makamera m'mauna a mbalame zodya njuchi, ndipo anajambula kamwanako kakuluma ndi kugwedeza anapiye a eni chisa mumdima mpaka kufa, kuti chakudya chonse chikhale chake. Izi muwauzenso ana, asaganize kuti mbalameyi ndi mngelo. Ndiye poti mayi wolera sadziwa za uchi kapena za anthu, khalidwe lotsogolera limakhala lobadwa nalo, pamene kaitanidwe ka m'deralo kayenera kuphunziridwa ikakula. Ofufuza akuganiza kuti zazing'ono zimaonera zazikulu zikamazungulira anthu ofula uchi.

Tsopano za njoka. Chikhulupiriro chimenechi chili m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo sichinachoke m'mutu mwa munthu. Ku Niassa komweko ofufuza, pamodzi ndi ofula uchi, aonapo nsadzu ikufikitsa anthu pa njoka monga mphiri ndi nsato, ngakhale pa changa chakufa. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo sanapeze umboni woti zimagwera anthu amene anaimana malesa. Palinso umboni wina umene kwa ine ndi wamphamvu: a Hadza nthawi zambiri saisiyira kanthu mwadala. Amakwirira malesa kapena kuwatentha, poti amati mbalame yokhuta siitsogolera. Chikhala kuti nsadzu imabwezera, bwenzi a Hadza atatha ndi njoka kalekale, koma mpaka lero imawafikitsa pa uchi. Ndiye ine ndinganene kuti njoka ndi zoona, chilango ayi. Komabe sindingaseke agogo amene anaika lamuloli. Mnyamata wadyera amene saopa kanthu amakokolola zonse, ndipo mantha a njoka ankapangitsa kuti ngakhale iye asiyeko lesa limodzi.

Mwina ana adzafunsanso za chiuli, poti mabuku ambiri amati nsadzu imatsogoleranso chiuli. Mu 2023 gulu lotsogozedwa ndi Jessica van der Wal linafunsa ofula uchi pafupifupi 400 m'maiko 9, ndipo ambiri anati sanazionepo, kupatula magulu ena a ku Tanzania. Musaiphunzitse ngati nkhani yotsimikizika.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landisowetsa tulo: bwanji sitikuimvanso? Mbalameyo siinathe, ikadalipo m'madera ambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chimene chikutha ndi kuyankhulana. Kuti kuchitike pafunika zinthu zitatu pamalo amodzi: mitengo yokalamba ya mphako, njuchi zokhalamo, ndi munthu wodziwa kuitana ndi kuyankha. Mitengo yokalambayo ndi imene imayamba kugwa anthu akamaotcha makala. Shuga ali pagolosale. Nkhalango zotsala zambiri n'zotetezedwa, ndipo munthu sangangolowamo ndi nkhwangwa ndi moto. Anyamata amene akanaphunzira likhweru kwa amalume awo ali m'tauni kapena ku Joni. Nsadzu yaing'ono ikalongolola kwa munthu wodutsa ndi foni m'khutu, iye osacheuka n'komwe, kawiri, katatu, imasiya.

Pano ndiyenera kunena chilungamo ngakhale chikuwawa mtima wanga womwe. Kufula kwa amalume kunali ndi mtengo wake. Nthawi zina mtengo wa zaka zambirimbiri unkagwa chifukwa cha chidebe chimodzi cha uchi, ndipo muuni wotayidwa mosasamala unkayatsa tchire. Pamene anthu anali ochepa, nkhalango inkachira. Lero, paphiri lotsala ndi mitengo yowerengeka, kugwetsa wa mphako n'kupha mudzi wonse wa njuchi, ndipo njuchi zimenezo ndi zomwe zimagwira ntchito m'minda mwathu. Tengani ana m'mawa kwambiri ku munda wa maungu akaone. Chomera chimodzi chimakhala ndi maluwa aamuna, aja amayi amathyola ngati chiluwe, ndi aakazi okhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Maluwawo amatseguka m'bandakucha n'kufota dzuwa lisanafike paliwombo. M'maola ochepawo njuchi iyenera kutuluka mu duwa lalimuna itayera mungu thupi lonse n'kulowa mu lalikazi. Ikapanda kubwera, kadzungu kaja kamasanduka chikasu n'kugwa. Chimanga mungu wake umayenda ndi mphepo, koma maungu, nkhaka, mavwende ndi mpendadzuwa zimadalira tizilombo touluka. N'chifukwa chake sindingauze ana kuti akagwetse mitengo pofuna kusunga mwambo. Ming'oma ya matabwa ndi yabwino, ndipo mphako itha kutsegulidwa pang'ono n'kutsekedwanso kuti njuchi zibwerere. Koma ndikuvomerezanso kuti mlimi wa ming'oma safuna mlozi, poti amadziwa pamene anapachika. Iye akhoza kungochita chimene amalume ankachita: akamafula, asiyeko lesa pa nthambi.

Ndiye mawa mukalowa m'kalasi, muitaneni mwana uja kutsogolo, anzake amene anaseka aja amve kuti agogo ake amadziwa chinthu chimene akatswiri anachita kunyamula masipika kukatsimikiza. Kenaka mumutume akapemphe agogowo, ngati ali ndi mphamvu, abwere kusukulu. Muwafunse kuti mbalameyi amaitcha chiyani, ankaiitana bwanji, anaphunzira kwa yani, ankaisiyira chiyani, ndipo anaimva komaliza chaka chiti, paphiri liti. Kaitanidwe ka ku Ntchisi mwina n'kosiyana ndi ka ku Niassa, n'kosiyananso ndi ka amalume anga, amene anamwalira ine ndisanaganize zowajambula. Akayamba kuimba likhwerulo, muike foni pafupi ndi pakamwa pawo, ana akhale chete, ndipo muwapemphe abwereze katatu. Mukatero munditumizireko.