Anamusiya kansalu m'mimba pa opaleshoni: kodi pali mlandu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Katete. Ndaifupikitsa ndipo mayina ndachotsa. Mng'ono wawo anachira kudzera mu opaleshoni chaka chatha. Atatuluka m'chipatala m'mimba simunaleke kupweteka, bala linkatuluka mafinya, thupi kumangotentha. Anabwererako kawiri, n'kupatsidwa mapanado ndi kuuzidwa kuti chilonda cha opaleshoni chimatero. Patapita miyezi inayi, pachipatala china anamung'ambanso n'kupeza kansalu kopukutira magazi katatsalira m'kati. Funso lawo ndi ili: "Kodi tingasume? Mlamu wanga anasaina pepala opaleshoni isanachitike, ndipo akuluakulu kumudzi akuti tingothokoza Mulungu kuti ali moyo."

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene mng'ono wanu wadutsamo. Kuthokoza Mulungu n'koyenera, koma sikutseka khomo la khoti. Monga mwafotokozera, mlandu ulipo.

Ndiyambe ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Si imfa iliyonse kapena vuto lililonse la m'chipatala limene lili mlandu. Dokotala salonjeza kuchiritsa. Lamulo limafuna kuti agwire ntchito mosamala ngati mmene dokotala waluso pa ntchito yomweyo angachitire. Makhoti athu amatsatira muyezo wochokera pa mlandu wa Bolam, umene unaweruzidwa ku England mu 1957: dokotala sapezeka wolakwa ngati anachita zimene gulu la madokotala odalirika limavomereza kuti ndiyo njira yoyenera. Bolam yemweyo, wodwala amene anasuma, anathyoka mafupa akulandira chithandizo, koma mlandu sanawine. N'chifukwa chake milandu yotere ndi yolimba, ndipo kawirikawiri imafuna dokotala wina wodzaima m'khoti kufotokoza pamene panalakwika.

Koma nkhani ya kansalu ndi ina. M'chipinda cha opaleshoni nsalu, singano ndi zitsulo zimawerengedwa asanayambe, n'kuwerengedwanso asanasoke. Palibe gulu la madokotala limene linganene kuti kusiya nsalu m'mimba mwa munthu ndi njira yovomerezeka. Maloya ali ndi mfundo yakuti chinthucho chimadzinenera chokha: zotere sizichitika popanda wina kusasamala, choncho achipatala ndiwo ayenera kufotokoza kuti kanatsalamo bwanji. Mng'ono wanu anali atagonekedwa, sakanaona kanthu, ndipo khoti limadziwa zimenezo. Kumubweza kawiri osamuyeza bwino nakonso loya adzakuyang'ana.

Za pepala limene mlamu wanu anasaina, musade nkhawa. Anavomera opaleshoni ndi zoopsa zimene zimabwera ngakhale dokotala atasamala. Sanavomere kuti mkazi wake asiyidwe ndi nsalu m'mimba.

Tsopano chimene chandikakamiza kuyankha msanga ndi nthawi. Kuno ku Zambia mlandu wa kuvulala m'thupi uyenera kukalowa kukhoti zisanathe zaka 3. Werengani kuyambira tsiku la opaleshoni yoyamba ija, osati tsiku limene kansalu kanapezeka. Zaka 3 zimaoneka zambiri, koma banja likamadikira kuti wodwala alimbe, kenako kukolola, kenako kukhala pansi ndi amalume, zimatha osazindikira. Zikatha, ngakhale umboni utakhala wabwino chotani, mbali inayo imangonena kuti nthawi inapita, basi. Kudandaula kwa akuluakulu a chipatala kapena kulemberana nawo makalata sikuimitsa nthawiyi.

Pali njira ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Health Professions Council of Zambia imalandira madandaulo okhudza madokotala, ndipo Nursing and Midwifery Council of Zambia imaona za anamwino ndi azamba. Mabungwewa angathe kulanga wolakwa, ngakhale kumulanda laisensi, koma chipukuta misozi chimalamulidwa ndi khoti kapena chimabwera pogwirizana ndi mbali inayo. Mungayende njira zonse ziwiri. Ine ndimalimbikitsa kudandaulako, chifukwa mawa pabedi lomwelo padzagona mwana wa munthu wina.

Wosumiridwa ndani? Ngati chipatalacho n'cha boma, mlandu umapita pa dzina la Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo ndikuuzeniretu kuti ndalama za boma zimachedwa kutuluka ngakhale mutawina. Ngati n'cha mishoni kapena cholipira, amayankha ndi eni ake, pakuti wolemba ntchito amasenza zolakwa zimene antchito ake achita ali pantchito. Mlandu ngati uwu si wa kulokolo khoti kapena kwa amfumu. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Board ku Chipata mukafotokoze. Amayang'ana mapezedwe anu ndi mphamvu ya mlanduwo. Wosuma ndi mng'ono wanu mwini wake, choncho apite nawo, ndipo mumumvere ngati ali wokonzeka kunena za thupi lake pamaso pa anthu.

Khoti likamawerengera chipukuta misozi limaona ululu umene munthu wamva, zimene sangathenso kuchita, ndi ndalama zimene zatayika. Gawo lomalizali ndi limene mabanja ambiri amagwa nalo, chifukwa limafuna umboni wa kwacha iliyonse. Malisiti a mankhwala, a sikani, ndalama za minibasi kuchoka ku Katete kupita ku Chipata, zonse lembani ndi madeti ake. Ngati munda wa mtedza kapena soya unagonera chifukwa mwini wake anali chigonere, kapena munalemba aganyu, lembaninso zimenezo.

Pepala lofunika kuposa onse ndi lipoti la dokotala amene anachita opaleshoni yachiwiri, losonyeza chimene anapeza ndi tsiku lake. Mng'ono wanu alembe kalata yopempha lipotilo ndi mafotokope a faelo yake kuzipatala zonse ziwiri, asunge kope lodindidwa posonyeza kuti kalatayo inalandiridwa. Khadi la sikelo ndi kapepala kotulukira m'chipatala musapereke kwa munthu aliyense, perekani mafotokope. Ndipo wina akabwera ndi envulopu ndi pepala loti musaine kuti nkhani yatha, musasaine loya asanaliwerenge.