Dzuwa lonseli, mwana n'kusowa vitamini D?

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 13, wonenepa ndithu, amadandaula kuphwanya kwa miyendo, ndipo atamuyeza magazi ku Blantyre anapeza kuti vitamini D ndi wochepa. Akufunsa kuti zimenezi zingatheke bwanji kuno ku Chigwa cha Shire.

Zimatheka mayi, ndipo kalata yanu yandikhudza chifukwa cha mwana wa achemwali anga amene ndinamulera ku Ngabu. Anabwera kwathu ali wowonda, ndiye atayamba kudzaza tonse tinkakondwa. Agogo ake ankamutsina masaya n'kumati, "Apa ndiye mwana akudya bwino." Akaweruka kusukulu ankagula mandasi ndi chakumwa chozizira pagolosale, basi n'kulowa m'nyumba mpaka dzuwa kulowa. Mu Okutobala kutentha kukapitirira madigiri 40, ndani angathamangitsire mwana panja? Anzake akamuitana kunetiboli ankati mawondo akuwawa. Titapita naye kuchipatala, nkhani inali ngati yanuyi.

Chimene chimandipsetsa mtima n'choti atangotha msinkhu, azimayi ena anayamba kumulangiza kuti asamayende padzuwa, ada. Ada chiyani? Khungu lakuda si matenda, ndipo ndi lomwe limafuna nthawi yochulukirapo padzuwa kuti lipange vitamini ameneyu. Kumutsekera mtsikana m'nyumba kuti ayere n'kumulakwira, ndikunena mosabisa.

Khungu limapanga vitamini D dzuwa likaliwomba lenilenilo, osati lodutsa pagalasi la windo. Tsono vitamini ameneyu amasungunuka m'mafuta, ndiye mwana akanenepa kwambiri, wambiri amakatsakamira m'mafuta a m'thupi, m'magazi n'kutsala wochepa. Akachepa, thupi limalephera kutenga bwino kashiamu m'chakudya ndipo mafupa amafooka. Kwa ana aang'ono zimaonekera pa matewe aja. Kwa wa zaka 13 sizioneka msanga, chonsecho iyi ndi nthawi imene mafupa akukula mofulumira.

Za chakudya nazo zimandiwawa. Nsomba za makakana ndi milamba za ku dambo la Elephant Marsh zikukwera phiri kupita kwa anthu a m'tauni, ife eni ake tikugulira ana tchipisi tsiku ndi tsiku n'kumaona ngati tatukuka. Matemba ndi usipa, zimene mwana amatafuna ndi minga yomwe n'kupezamo kashiamu, tikuziyesa ndiwo za amphawi. Musadalirenso shuga ayi. Vitamini amene amathira mu shuga ndi mafuta ophikira kuno ku Malawi ndi A, osati D.

Nanga muchite chiyani?

Ngati adokotala amupatsa mapiritsi, amwe monga anenera, osawonjezera, chifukwa akachuluka amawononga impso. Mapiritsiwo si ochepetsa thupi. Azituluka panja tsiku lililonse dzuwa lisanafike poswa mtengo, mikono ndi miyendo ili poyera, aziyenda ndi kusewera. Nsomba, mazira ndi chiwindi zizipezeka pamene mungathe, zotsekemera zichepe kwa banja lonse, osati kwa iye yekha.

Ndipo chonde musamutchule za kunenepa pamaso pa abale ake. Wanga uja anasiya kudya nafe pamodzi chifukwa cha mawu amodzi a amalume ake, ndipo kuti abwerere pamphasa zinatenga nthawi.