Kodi Police and Crime Commissioner ndi ndani, nanga ife tingamuvotere?

Achemwali ena omwe akugwira ntchito ya care ku Kent ku England andilembera email kufunsa motere: pa kalata ya council tax (msonkho wa khonsolo) yomwe yabwera pali mzere wolembedwa Police and Crime Commissioner ndipo akudula ndalama yake payokha, kodi ameneyu ndi ndani, ndi wapolisi wamkulu ngati IG wa kwathu kapena ndi ndani? Ndiye akuti anzawo kuntchito anawauza kuti munthuyu amachita kuvoteredwa, nde akufunsa ngati iwo a visa angavote nawo.

Achemwali, funso lanuli ndi labwino kwambiri ndipo ambiri ife timangolipira osafunsa. Poyamba ndinene kuti si wapolisi ayi. Savala yunifolomu, samanga munthu, sangatumize galimoto ya polisi pakhomo panu. Wapolisi wamkulu wa dera amatchedwa Chief Constable, ameneyo ndiye ali ngati IG wa county imeneyo. Koma PCC, monga amamutchulira mwachidule, ndi munthu wamba wosankhidwa ndi anthu, ndipo iyeyu ndi amene amalemba ntchito Chief Constable, ndi amenenso angamuchotse. Kwathu IG amasankhidwa ndi President kenako Nyumba ya Malamulo nkuvomereza, kuno Chief Constable aliyense m'dera lake amayankha kwa munthu amene inu ndi aneba anu mwamuika pampando. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Udindowu si wakale. Unabwera ndi lamulo la 2011 lotchedwa Police Reform and Social Responsibility Act, nthawi ya boma la David Cameron, Theresa May ali nduna yoona za m'dziko. Kale kunali ma police authority, makomiti a makhansala ndi anthu ena oti palibe amene ankawadziwa, ndiye boma linati tiyeni pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina ndi nkhope woti anthu azimuloza chala zinthu zikavuta. Chisankho choyamba chinachitika pa 15 November 2012, kukuzizira, kunja kukuda msanga, anthu osauzidwa bwinobwino kuti akuvotera chani, moti omwe anavota anali 15 okha pa 100 aliwonse. Ku Newport ku Wales kunali malo ena ovotera omwe sikunafike ngakhale munthu mmodzi tsiku lonse, bokosi kubwerera lopanda kanthu. Kwanu ku Kent anapambana mayi Ann Barnes omwe anaima paokha opanda chipani, kenako mu 2016 anatenga Matthew Scott wa Conservative, ndipo anapambananso mu 2021 ndi mu 2024. Chisankhochi chimayenera kuchitika zaka 4 zilizonse, cha 2020 chinasunthidwa chifukwa cha Covid.

Tsopano za ndalama zija. Mzere umene mwauonawo umatchedwa precept. Ndalama za polisi zimachokera mbali ziwiri, ina ku boma la ku London, ina kwa ife kudzera mu council tax, ndipo amene amanena kuti mbali yathuyi chaka chino ikwera ndi zingati ndi PCC yemweyu. Pa nyumba ya Band D (gulu lapakati la nyumba pa council tax) ku Kent ndi mapaundi opitirira 200 pa chaka, nde mukaganiza ma shift ausiku amene mumagwira kuti mupeze ndalama imeneyo, mukuona kuti si nkhani yoti nkuisiyira ena. Iyeyu amalembanso pulani yonena zimene apolisi aziika patsogolo, kaya ndi kuba m'mashopu, nkhanza za m'banja, mipeni kwa achinyamata, komanso ndi amene amapereka ndalama ku mabungwe othandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Apa ndi pamene ine ndimakhudzika kwambiri, chifukwa alipo azimayi athu amene akupirira zowawa m'nyumba poopa kuti akapita kupolisi visa iwonongeka, ndipo ngati thandizo loti liwafikire liripo kapena kulibe, zimatengera munthu ameneyu kuti ndalama waika kuti.

Sikuti amangochita zofuna zake. Pali gulu la makhansala lotchedwa Police and Crime Panel lomwe limamufunsa mafunso, ndipo lingakane kukweza kwa precept kapena munthu amene wamusankha kukhala Chief Constable ngati magawo awiri mwa atatu agwirizana. Komanso lamulo silimulola kulowerera milandu, sangauze apolisi kuti mangani uyu, masulani uyo. Ndiye ngati akuberani njinga imbani 101, zikakhala zadzidzidzi 999, osati ku ofesi ya PCC. Dandaulo lokhudza wapolisi limayambira ku polisi komweko, zazikulu zimapita ku IOPC, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi, koma ngati dandaulo lili pa Chief Constable mwini wake ndiye ndi la PCC.

Nanga kuvota? Eee, mungavote. Malawi ili mu Commonwealth, ndipo nzika ya Commonwealth yomwe ili ndi chilolezo chokhala mu UK, ngakhale visa ya ntchito ngati yanuyo, ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota, osati za PCC zokha komanso za makhansala ndi za aphungu. A ku Zambia, a ku Mozambique, ngakhale a ku Zimbabwe nawonso akuwerengedwa. Mumalembetsa pa intaneti pa gov.uk, mphindi zochepa chabe, akufunsani National Insurance number. Tsiku lovota masiku ano amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi, passport ya Malawi imaloledwa, ndipo ngati mulibe chilichonse khonsolo imapereka Voter Authority Certificate yaulere. Kale munkasankha anthu awiri, woyamba ndi wachiwiri, koma pa chisankho cha 2024 zinasintha, anthu anachonga mmodzi basi, wochuluka mavoti nkupambana. Abale a ku London ndi Greater Manchester musadabwe kuti simunamuonepo, kwanuko ntchitoyi ili m'manja mwa meya, ndipo ku Scotland ndi Northern Ireland kulibe.

Koma ndikuuzeni chilungamo achemwali, mwina mwayi wovotera PCC simudzaupezanso. Mu November 2025 boma la Labour linalengeza kuti udindowu utha mu 2028, pamene nthawi ya omwe alipowa ikutha, ndipo mphamvu zake zipita kwa mameya kapena kwa atsogoleri a makhonsolo. Akuti anthu ambiri samudziwa nkomwe PCC wawo, ndipo ndi zoona. Ine zimandipweteka ndithu, chifukwa ganizo loti apolisi aziyankha kwa munthu amene anthu wamba angamuchotse silinali loipa, ife amene tinakulira kumene wapolisi amaopedwa tikudziwa kufunika kwake. Vuto linali loti anthu sanauzidwe, ndipo zipani zinausandutsa mpando wa anthu awo.

Mpaka 2028 munthuyu akadali pampando ndipo akudulabe ndalama yanu. Nthawi yozizira, asanakhazikitse precept ya chaka chotsatira, ofesi yake imakonda kufunsa maganizo a anthu pa intaneti, yankhani, ndipo auzeni anzanu a ku tchalitchi ayankhenso. Lembetsaninso kuvota panopa osadikira, chifukwa amene adzalandire mphamvu zimenezi, kaya meya kaya makhansala, nawonso adzafuna voti yanu yomweyo.