Tafunsani: Kodi ndalama za pa wilibala zija ndi zimene zinabweretsa Hitler?

FUNSO: Akulu, tsiku lina pa YouTube ndinaona chithunzi cha bambo wa ku Germany akukankha wilibala yodzadza ndi ndalama zamapepala, eti akukagula buledi. Mnzanga akuti chimenecho ndi chomwe chinatopetsa Ajeremani ndi demokalase mpaka kuvotera Hitler. Ine ndikukana koma zifukwa ndilibe, nde tabetcherana. Tithandizeni, ndani akunena zoona?

YANKHO: Achimwene, musapereke kaye ndalamazo. Mnzanuyo ali ndi kachilungamo pang'ono koma wasokoneza zaka. Ndalama ija inagweratu mu 1923, pomwe Hitler anakhala chansala (mtsogoleri wa boma) pa 30 January 1933, nde pakati apa pali zaka pafupifupi 10 ndipo munachitika zambiri.

Za ndalamazo ndi zoona ndithu. Mu 1914 dola imodzi inali ma mark 4.2, pofika November 1923 dola yomweyo inali ma mark 4,200,000,000,000, werengani nokha maziro amenewo. Germany inali itachedwa kulipira chindapusa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, France ndi Belgium nkulowetsa asilikali ku Ruhr komwe kunali malasha ndi mafakitale, boma nkuuza antchito kuti akhale pansi osagwira ntchito koma malipiro azilandirabe, nde makina osindikiza ndalama amangozungulira usana ndi usiku. Munthu amalandira malipiro nkuthamangira kushopu ndalamayo isanathe mphamvu madzulo. Amene anasunga ku banki moyo wake wonse anangotsala ndi mapepala oyatsira moto.

Koma taonani. Mwezi womwewo wa November 1923 Hitler anayesa kulanda boma ku Munich, kuyambira mu holo yomwera mowa, ndipo zinamukanika, apolisi anawombera, iye nkumangidwa. Ndalama yatsopano yotchedwa Rentenmark inabwera, ngongole za ku America zinayamba kulowa, nduna yoona za kunja Gustav Stresemann anakonza ubale ndi France mpaka kulandira Nobel mu 1926. Pa chisankho cha 1928 chipani cha Nazi chinapeza 2.6% basi. Zikanakhala kuti ndi wilibala ija, bwenzi atawina nthawi imeneyo.

Ine ndimaona kuti matendawa anayamba pa kubadwa penipeni kwa demokalase ya ku Germany. Nkhondo anailuza ndi akuluakulu a asilikali, ndipo kumapeto kwa September 1918 jenerale Ludendorff yemwe ndi amene anauza boma kuti lipemphe kuti nkhondo iime. Koma itafika nthawi yosayina, pa 11 November 1918, wotsogolera nthumwi anali munthu wandale, Matthias Erzberger. Mfumu ya Germany, Kaiser Wilhelm II, anali atathawira kale ku Netherlands, asilikali a pamadzi ataukira ku Kiel, ndipo pa 9 November ku Berlin anthu awiri osiyana analengeza maripabuliki awiri osiyana tsiku limodzi, Philipp Scheidemann pa windo la Reichstag (nyumba ya malamulo), kenako Karl Liebknecht wachikomyunizimu patangopita maola ochepa. Aphungu olemba malamulo oyendetsera dziko anachita kukakumana ku tauni ya Weimar chifukwa ku Berlin kunali kulira mfuti, dzina loti Weimar Republic, la boma la demokalase limeneli, likuchokera pamenepo.

Nde akuluakulu a asilikali aja anasamba m'manja. Anayamba kufalitsa zoti ife sitinagonje ku nkhondo ayi, anatibaya kumsana ndi andale, achikomyunizimu ndi Ayuda, ndipo mkulu wa asilikali Hindenburg anakayankhula zoterezi pamaso pa komiti ya aphungu mu November 1919. Bodza lokhalokha, koma anthu ambiri analimeza chifukwa nkhondo inatha asilikali awo adakali m'dziko la eni, nde kwa munthu wamba sizimaoneka ngati aluza. Kenako pangano lothetsa nkhondo la Versailles la 28 June 1919, dziko kudulidwa, madera onse a ku Africa kuphatikizapo Tanganyika kulandidwa, asilikali osapitirira 100,000, ndipo mu 1921 bilu nkubwera ya ma mark a golide 132 biliyoni. Wosayina zonsezi? Boma la demokalase lomwe. Wina kudya, wina kutsuka mbale.

Ndipo mbali yomwe imandiwawa kwambiri ndi iyi, Kaiser anapita koma majaji, akuluakulu a asilikali ndi mabwana a m'maofesi anali omwewo akale, ambiri mumtima sanaifune ripabulikiyo. Pulezidenti woyamba Friedrich Ebert, munthu woti anaphunzira ntchito yosoka zishalo za akavalo, anadalira magulu a asilikali opuma otchedwa Freikorps kuti athane ndi achikomyunizimu, ndipo ndi anthu amenewa anapha Rosa Luxemburg ndi Liebknecht pa 15 January 1919. Chaka chotsatira mu March ena a iwo omwewo nkutembenukira boma pa chiwembu cha Kapp, boma kuthawa mu Berlin, analipulumutsa ndi antchito wamba amene ananyanyala ntchito dziko lonse mpaka chiwembucho chinafa pa masiku ochepa. Erzberger uja anamuwombera mu 1921, nduna yoona za kunja Walther Rathenau mu 1922. Nanga Hitler? Mlandu woukira boma anamupatsa zaka 5, anakhala miyezi pafupifupi 9 nkutuluka. Tangoganizani.

Chimene chinakweza Nazi ndi vuto lina, la 1929, msika wa masheya ku New York utagwa Amereka nkuyamba kuitanitsa ngongole zawo. Apa mitengo siimakwera ayi, imatsika, koma ntchito kunalibe, pofika kumayambiriro kwa 1932 anthu oposa 6 miliyoni anali pa ulova. Chansala Heinrich Brüning anadula malipiro ndi chithandizo cha boma, ndipo apa nde pomwe mnzanu akupezapo kamfundo kake, chifukwa mantha a 1923 anali adakali m'mitu ya anthu moti kusindikiza ndalama palibe amene amafuna kumva. Nazi inachoka pa 2.6% kufika 18.3% mu 1930, kenako 37.3% mu July 1932.

Komabe ngakhale pamenepo sanafike theka, ndipo mu November 1932 anatsika kufika 33.1%. Kungoti nyumba ya malamulo inali itafooka kale, kuyambira 1930 dziko limayenda ndi malamulo adzidzidzi a pulezidenti kudzera mu Article 48 ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo pulezidentiyo kuyambira 1925 anali Hindenburg yemwe uja wa nkhani yobayidwa kumsana. Chansala wakale Franz von Papen ndi anzake anamunyengerera mkuluyu kuti amupatse Hitler mpando poganiza kuti azimuyendetsa ngati kamwana. Pa 27 February 1933 Reichstag inapsa, pa 23 March aphungu anavota kumupatsa Hitler mphamvu zopanga malamulo payekha, okana anali a chipani cha SPD okha, 94, achikomyunizimu anali atamangidwa kale kapena kuthawa.

Nde pa kubetcherana kwanuko ine ndikuti mwawina ndinu, mnzanuyo apereke, kungoti mum'bwezereko kenakake chifukwa cha Brüning uja.