Asuweni, za ma drone zija

Asuweni, uthenga wanu ndauona, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa zala zanga sizingakwanitse kulemba zonse zimene ndikufuna kunena. Mwafunsa kuti msika wa ntchito za ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati mwake, ukuyenda bwanji masiku ano, makamaka uwu wojambula malo kuchokera kumwamba n'kugulitsa deta kwa makampani, ndipo mwawonjezera kuti mukungofunsa kuti mudziwe. Mawu omalizawo ndi amene andiseketsa, chifukwa tonse pagulu pano tikukudziwani. Tsiku limene munafunsa za minibasi ija kuti mungodziwa, munali mutapereka kale theka la ndalama. Choncho ine ndiyankha ngati kuti mwafunsa zosiya ntchito n'kugula drone ndi gawo lanu la ndalama zija. Ngati ndaphonya mundikhululukira, koma sindikukhulupirira kuti ndaphonya.

Ndiyambe ndi za kutali, kuti pambuyo pake musadzanene kuti ndakuuzani za m'mutu mwanga. Chaka cha 2016 ndi chimene anthu ambiri anathamangira ntchito imeneyi. M'chaka chimenecho kampani yofufuza mabuku a ndalama ndi kupereka uphungu ya PwC inatulutsa lipoti lonena kuti ntchito zimene ma drone angathe kulanda kwa anthu ndi zipangizo zakale zinali zokwana madola 127 biliyoni, ndipo mpaka lero ogulitsa ma drone amakonda kutchula chiwerengerochi osafotokoza kuti unali mtengo wa ntchito zonsezo pamodzi, osati ndalama zimene oulutsa adzaike m'thumba. M'chaka chomwecho, pa 29 Ogasiti, dziko la America linayamba kutsatira malamulo otchedwa Part 107, amene analola munthu wokhoza mayeso olemba kuulutsa drone yosafika makilogalamu 25 pa ntchito yolipidwa, malinga isakwere kupitirira mamita pafupifupi 120 ndiponso azitha kuiona ndi maso ake. Izi zisanachitike pankafunika chilolezo chapadera ndi chiphaso choyendetsera ndege yeniyeni. Zitapepuka choncho, anthu analowa ambiri nthawi imodzi, ndipo mtengo wa kuulutsa chabe unayamba kutsika.

Tsono mvetserani zimene zinagwera akuluakulu a msikawo. Kampani ya Airware ya ku San Francisco inalandira madola 118 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama m'mabizinesi, koma inatseka mu 2017... ayi, ndikonze, munali mu Sepitembala 2018, ndipo zotsala zake zinagulidwa ndi Delair ya ku France. PrecisionHawk, imene inkatchuka pa ntchito za ulimi ndi zoyendera mawaya a magetsi, inatseka kumapeto kwa 2023. GoPro inasiya kupanga drone yake mu Januwale 2018, ndipo 3D Robotics inasiya kupanga makinawo n'kutembenukira ku mapulogalamu a pakompyuta, chifukwa kupikisana ndi DJI, kampani yopanga ma drone ya ku Shenzhen m'dziko la China, pa mtengo kunawakanika. Sindikutchula mayinawa kuti ndikuopsezeni, pakuti ntchito yeniyeniyo siinathe. Ndalama inangosamuka pamene inkakhala, ndipo kumene inapita ndikuuzani posachedwa.

Dikirani kaye, pali wina akundiyankhula... Chabwino, ndabwerera. Ndimafuna ndikukumbutseni za amalume anga aang'ono, bambo anu aang'ono aja, chifukwa nthawi imeneyo inu munali kusukulu ndipo munangomva mbali imene mayi anu aang'ono amakonda kufotokoza. Mukudziwa kuti anagwira ntchito yoyeza malo zaka zambiri, ndipo atapuma anatenga ndalama zawo za penshoni n'kugula drone, patangopita miyezi yochepa chichitikireni msonkhano wa banja uja umene sitiutchula. Kasitomala wawo woyamba anali mwini munda waukulu. Amalume anaulutsa m'mawa wonse, usiku kompyuta yawo inasoka zithunzi mazanamazana kukhala mapu amodzi, ndipo kutacha anapita nawo atawasindikiza papepala lalikulu, pobiriwira pakusonyeza mbewu zamphamvu, pofiira pakusonyeza mbewu zofooka. Mwini mundayo anayamikira kwambiri, mpaka anaitana akazi ake kuti adzaone. Kenako anaitana kapitao wake, amene anayang'ana pepalalo kanthawi, n'kuloza pofiirapo ndi chala, n'kunena kuti pamenepo madzi amadikha chaka chilichonse ndipo aliyense wogwira ntchito pamundapo amadziwa. Mwini munda anatembenukira kwa amalume n'kuwafunsa kuti, “Nanga tsopano ndichite chiyani chimene sindikanachita dzulo?” Amalume, amene simunawaonepo atasowa chonena, anangoyamba kupinda pepala lawo.

Analipidwa ulendo umodzi umenewo basi. Pambuyo pake anadzazindikira kuti satelayiti za ku Ulaya zotchedwa Sentinel-2 zimajambula minda yomweyo masiku 5 alionse, ndipo zithunzi zake n'zaulere. N'zoona kuti kadontho kamodzi pa chithunzi cha satelayitiyo kamaimira mamita 10, pamene drone imatha kuonetsa masentimita 2 kapena 3, koma mlimi wofuna kungodziwa mbali imene yafooka sasowa masentimita. Anayesako kujambula nyumba zogulitsa, koma kumeneko anakumana ndi anyamata a ma drone otsika mtengo, okonzeka kugwira ntchito yomweyo pa theka la mtengo wawo. Drone inakhala m'bokosi pamwamba pa kabati, ndipo azakhali ankalipukuta fumbi bokosilo akuusa moyo mokweza kuti amalume amve ali m'chipinda china.

Amene anawadzutsa ndi munthu wowerengera ndalama pa kampani ina yoswa miyala ya kwale. Munthuyo analibe chidwi ndi kandegeko, ndipo ndikukayika ngati anatulukako n'komwe mu ofesi kuti akakaone kakuuluka. Vuto lake linali lakuti kumapeto kwa mwezi uliwonse ankayenera kulemba m'mabuku kuchuluka kwa miyala younjikidwa pabwalo, ndipo anthu ankakwera milu imeneyo ndi ndodo ya GPS kwa masiku angapo, miyala ikugumuka kumapazi awo, n'kubwera ndi chiwerengero chimene iye mwini sankachikhulupirira. Apa ndi pamene luso lakale la amalume linatulukira. Asanaulutse, anayala zizindikiro za mabanga akuda ndi oyera kuzungulira bwalolo, anayeza malo a chizindikiro chilichonse ndi zipangizo zawo zakale, ndipo anakonza kuti chithunzi chilichonse chiziphimba chinzake pafupifupi magawo 75 pa 100 alionse. Zizindikiro zina anazisiya dala osazilowetsa mu pulogalamu, kuti pomaliza ayerekeze zimene kompyuta yanena ndi zimene iwo anayeza okha. Pa tsamba loyamba la lipoti analembapo kuchuluka kwa mulu uliwonse ndi kukula kwa cholakwika chimene chingakhalepo, ndipo chithunzi chokongola anachiika kumapeto kwenikweni. Wowerengera ndalamayo anawerenga tsamba loyamba lokhalo, n'kuwauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi.

Musasangalale msanga, chifukwa nkhaniyi siinathere pamenepo. Patapita nthawi kampaniyo inagula drone yakeyake n'kuphunzitsa mnyamata wake kuulutsa. DJI inali itatulutsa drone ya Phantom 4 RTK mu 2018, imene imadziwa pamene ili molondola mpaka masentimita ochepa, ndipo munthu akangoilembera malire a bwalo imayenda yokha mzere ndi mzere. Amalume anakwiya kwambiri, moti ngakhale moni ankayankha ndi mutu. Koma posakhalitsa foni inalira, chifukwa ofufuza mabuku a kampaniyo anafunsa kuti ndani angaikire umboni ziwerengerozo, ndipo mnyamatayo ankadziwa kuulutsa koma sankatha kufotokoza kuti mulu wina unakula bwanji popanda kuthirapo mwala ngakhale umodzi. Kuyambira pamenepo amalume sapsanso ndi dzuwa. Amatumiziridwa zithunzi, amazikonza, amafufuza zolakwika, kenako amasaina.

Zimene zinawachitikira pa kampani imodzi ndi zimene zikuchitika pa msika wonse, ndipo apa ndiye ndikuyankha funso limene munalemba. Makampani a migodi, a zomangamanga ndi a magetsi, amene poyamba ankalemba ganyu munthu woulutsa, ambiri tsopano ali ndi ma drone awoawo, ndipo kunja amangogula chimene sangathe okha. Ogulitsa mapulogalamu monga Pix4D ya ku Switzerland ndi DroneDeploy ya ku America amalipiritsa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, kaya inu mwapeza ntchito kaya simunapeze. DroneDeploy inagula Rocos mu 2021, kampani ya mapulogalamu oyendetsera maloboti oyenda pansi, kenako StructionSite mu 2022, imene imasunga zithunzi zojambulidwa ndi munthu woyenda m'nyumba imene ikumangidwa, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti ngakhale iwo sakusamalanso kuti chithunzi chachokera kumwamba kapena pansi. Ntchito zimene zikulipirabe bwino ndi zobwerezabwereza, zimene n'zoopsa kapena zodula kuzigwira ndi manja. Ndikunena kuyendera mawaya a magetsi ndi nsanja za mafoni, kufufuza mapanelo a sola owonongeka ndi kamera yoona kutentha, ndiponso kuyeza nthaka ya m'nkhalango ndi LiDAR, chipangizo choyeza mtunda pogwiritsa ntchito kuwala, chimene kuwala kwake kumadutsa m'mipata ya masamba mpaka pansi, pamene kamera wamba imangoona mitengo.

Kutsogoloku ntchito ya woulutsa ichepanso kuposa pano. Mu 2022 DJI inatulutsa bokosi lotchedwa Dock, limene drone imatulukamo yokha pa nthawi yoikika n'kubwerera kudzadzaza batire popanda munthu kuikhudza. Chimene chikuchedwetsa zimenezi ndi malamulo oletsa kuulutsa kumene maso sakufika, koma nawonso akumasuka pang'onopang'ono, ndipo ku America bungwe loona za ndege la FAA linatulutsa malamulo ongoyerekeza a nkhaniyi mu Ogasiti 2025. Maboma nawo asanduka makasitomala aakulu. Dziko la India kuyambira 2020 lakhala likujambula midzi ndi ma drone kuti anthu alandire zikalata za malo awo, koma dziko lomwelo mu Febuluwale 2022 linaletsa kuitanitsa ma drone opangidwa kale kuchokera kunja, kutanthauza kuti ndale nazo zimatha kusankha makina amene aloledwe pa ntchito.

Ndiye asuweni, chimene ndikufuna kunena ndi ichi: musagule drone musanapeze munthu amene ali ndi funso lobwera mwezi uliwonse, amenenso akutaya kale ndalama poliyankha. Drone ili ngati sikelo. Palibe amene amalipira kuti aone sikelo, amalipira kuti adziwe kulemera kwa katundu wake ndiponso kuti pakhale wina woima pa chiwerengerocho anthu akachikana. Inu muli ndi chimene anyamata ambiri a ma drone alibe, chifukwa mwakhala pa ntchito ya zomangamanga nthawi yaitali ndipo mumadziwa chimene kontilakitala ndi mwini ntchito amakanganirana likafika tsiku lolipira dothi lokumbidwa. Pulogalamu yosokera zithunzi ya OpenDroneMap ndi yaulere, QGIS yogwirira ntchito za mapu ndi yaulerenso, ndipo zithunzi zophunzirira zimapezeka pa intaneti, choncho mungathe kuphunzira kusoka mapu ndi kuwerengera kuchuluka kwa dothi madzulo mukaweruka, ntchito yanu muli nayobe.

Ndibwereze, popeza inu mumamva mbali yokhayo imene mwaikonda: kasitomala ayambe, makina abwere pambuyo. Pa ntchito zoyamba mulipire munthu wa chiphaso kuti akuulutsireni, inu mugwire deta ndi lipoti, chifukwa mbali imeneyo ndi imene kasitomala adzakukumbukireni nayo. Mukagula lero, mtengo wa makinawo ndi chiyambi chabe. Kumbuyo kwake kuli mabatire amene amatha mphamvu, inshuwalansi, chiphaso ndi zilolezo za bungwe loona za ndege, komanso kompyuta yamphamvu, ndipo zambiri mwa zimenezi zimadya ndalama ngakhale mwezi umene simunaulutse.

Eya, ndaona kuti achemwali alemba kale kuti ndatalikitsa, ndiye ndimalize. Ndalama zija zikhale pomwe zili mpaka mutandionetsa kalata ya kampani imodzi yovomera kukulipirani chifukwa cha lipoti la ziwerengero kangapo pachaka, ndipo mukadzandionetsa, ine ndemwe ndidzakuthandizani kusankha makinawo. Pakadali pano aimbireni amalume kuti akuonetseni lipoti lawo limodzi lakale, makamaka tsamba loyamba. Muwaimbire madzulo, ndipo za munda uja musazitchule ngati mayi anu aang'ono ali pafupi.