Osaligwedeza botolo la nigori lija

Achimwene, mwafunsa ngati muligwedeze botolo la nigori wa thovu lija, mowa wa mpunga wa ku Japan uja amati sake: ayi osaligwedeza musanatsegule! Zoyera zakhala pansizo ndi timaphumphu ta mpunga, sikuti wawonongeka, nigori amausefa mwapatalipatali dala. Koma wa thovuyu yisiti yake imakhala ikadali yamoyo ndiye mpweya umadzadza mkatimo. Liyikeni mu filiji choimika usiku wonse, kenako tsegulani pang'ono, mukamva psii tsekaninso, dikirani thovu litsike, mubwereze choncho olo mphindi 10. Ine ulendo woyamba ku Osaka ndinangopotokola kamodzi, theka la botolo linathera kudenga mpaka mnzanga waku Japan anaseka misozi mbwee.

Mpweya ukachepa lipendeketseni mofatsa kuti zapansizo zisakanikirane. Pakamwa umamveka ngati thobwa wosalala, kotsekemera pang'ono, kowawasira, kenako kathovu kolasa lilime, ndi nkhuku yokazinga ya tsabola zimayenda bwino heavy. Koma usakupusitseni kukomako, wambiri umakhala pa 14 kapena 15 peresenti, kuposa Carlsberg kutalitali, onani pa lebulo. Ngati muli ndi shuga kapena mukumwa mankhwala ena alionse funsani kaye adokotala, ndipo alamu ngati ali oyembekezera asalawe n'komwe.