Mankhwala amasankha bwanji selo loti aligwire m'magazi?

Achemwali, pepani ndi matenda a achimwene anuwo. Mwanena kuti awapeza ndi khansa ya lymphoma, imene imagwira maselo a chitetezo cha m'thupi, pepala la ku labotale lalembedwa kuti CD20 positive, ndipo adokotala awauza kuti alandira rituximab pamodzi ndi kemo. Ndiye mukudabwa kuti mankhwala oyenda m'magazi monse angasankhe bwanji maselo a khansa. Mwafunsanso ngati n'kwabwino kuwagulira mankhwala okweza chitetezo, amene ena m'gulu muno akukulimbikitsani, kuti asilikali a m'thupi adzuke alimbane nayo khansayo. Ndiyamba ndi funso loyamba, chifukwa yankho la lachiwiri lili momwemo.

Selo lililonse la m'magazi lili ndi mapuloteni ambirimbiri amene anatulukira kunja kwa khungu lake. Ambiri mwa iwo ndi ma receptor, amene ntchito yawo ndi kulandira uthenga wochokera kunja n'kuupereka m'kati mwa selolo: dzuka, gawikana, pita kwakuti, leka, ifa. Mtundu uliwonse wa selo uli ndi mapuloteni akeake, ndipo ndi amenewa amene amasiyanitsa maselo ooneka ofanana ndendende pa maikulosikopu. Akatswiri anagwirizana zowapatsa manambala oyamba ndi CD pa msonkhano umene unachitikira ku Paris mu 1982, ndipo pano manambalawo apitirira 350. CD4 ambirife timaidziwa kale. Ndi puloteni ya pa gulu lina la ma T cell, omwe ndi maselo oyera a m'magazi oteteza thupi, pamene kachilombo ka HIV kamagwira kakafuna kulowa, ndipo makina akamawerenga CD4 amakhala akuwerenga maselo amene ali ndi puloteni imeneyi. CD20 ndi ya pa ma B cell, maselo enanso oyera amene akakhwima amapanga ma antibody, mapuloteni omata pa tizilombo toyambitsa matenda. Choncho pepala la achimwene anu likunena kuti khansa yawo inayambira mu B cell, ndipo maselo a khansawo akadali ndi chizindikiro cha mtundu wawo.

Mankhwala paokha sadziwa kanthu. Nkhani yonse yagona pa kaumbidwe. Antibody imakhala ndi nsonga zoumbidwa moti zimakwanira pa puloteni imodzi yokha, ngati chivundikiro chokhala bwino pa mphika wake wokha. Rituximab ndi antibody yopangidwa ku fakitale. Imazungulira thupi lonse, imagundana ndi maselo ofiira, a chiwindi, a mtima, koma siimata chifukwa alibe CD20. Ikakumana ndi selo limene lili nayo, imamatirira osachoka. Luso lopanga ma antibody ofanana ochuluka chonchi analipeza Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975. Anaphatikiza B cell ya mbewa ndi selo la khansa losaleka kugawikana, n'kupeza selo lotulutsa antibody ya mtundu umodzi mosalekeza. Analandira mphotho ya Nobel mu 1984, koma panadutsa zaka zambiri kuti odwala khansa apindule, popeza thupi la munthu limakana mapuloteni a mbewa. Anachita kusintha mbali yaikulu ya antibody kuti ikhale ya munthu, ndipo rituximab anailoleza ku America mu 1997. Mankhwala a dzina lothera ndi mab mukawaona, ambiri ndi a banja limeneli.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mbali yaikulu ya ntchito yopha khansa saigwira rituximab. Imasiya mchira wake uli kunja, ndipo pa maselo ena a chitetezo, monga ma NK cell ndi ma macrophage, pali receptor yogwira mchira umenewo. Akaugwira amadzuka. NK cell imaboola selo la khansa n'kuthiramo mapuloteni akupha, macrophage imalimeza lathunthu, ndipo gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement nalonso limaunjikana pomwepo n'kuliboola. Ndiye zimene mukulakalaka zija, zoti asilikali a m'thupi la achimwene amenye okha nkhondoyi, ndi zimene mankhwalawa akuchita kale. Kusiyana kwake n'kwakuti akuwadzutsa pamalo amodzi, pa selo losankhidwa.

Musaganize kuti ma B cell abwino amapulumuka. Nawonso ali ndi CD20, ndipo amathera limodzi. Chimene chinapangitsa CD20 kukhala malo abwino ogwirapo ndi maselo amene alibe puloteniyi. Maselo a m'mafupa amene amabereka magazi onse alibe CD20, choncho mankhwala akatha amayambanso kupanga ma B cell atsopano, kawirikawiri pakatha miyezi 6 mpaka chaka. Ma plasma cell, omwe ndi ma B cell amene anakhwima kale ndipo akutulutsa ma antibody a matenda amene munthu anadwalapo kapena kulandira katemera wake, nawonso ambiri alibe. Pa kafukufuku yense wa mankhwala a mtundu umenewu, funso lovuta silikhala loti puloteniyi ili pa khansa kapena ayi. Lovuta ndi loti ilinso pati, ndipo munthu angakhale moyo popanda maselo enawo kwa nthawi yaitali bwanji. Chitsanzo chake ndi daratumumab, amene amagwira CD38 pa myeloma, khansa ya ma plasma cell. CD38 ilinso pang'ono pa maselo ofiira, ndipo mankhwalawa amasokoneza kuyeza kwa ku labotale pofuna kupeza magazi oti munthu aikidwe, mwakuti ogwira ntchito kumeneko amayenera kuuzidwiratu.

Tsopano za kudzutsa chitetezo. T cell siidzuka wamba. Imafunika zizindikiro ziwiri. Choyamba, receptor yake iyenera kuzindikira kachidutswa ka puloteni yachilendo kamene selo lina laonetsa pakhungu pake. Chachiwiri, receptor ina yotchedwa CD28 iyenera kugwiridwa ndi selo limene laonetsa kachidutswako, kutsimikiza kuti ngoziyo ndi yeniyeni. Ikalandira choyamba chokha, nthawi zambiri imafooka n'kukhala chete. Ikadzuka imagawikana kwambiri, imatulutsa mauthenga otchedwa ma cytokine oitana anzake, ndipo pasanapite nthawi imatulutsanso ma receptor oiletsa, CTLA-4 ndi PD-1. Thupi linakonza zotchinga zonsezi chifukwa T cell yodzuka popanda woiletsa imawononga mwini wake.

Zimenezi zinaonekera poyera ku London mu March 2006. Amuna 6 athanzi analandira mankhwala oyesedwa otchedwa TGN1412, antibody yopangidwa kuti igwire CD28 mwamphamvu n'kudzutsa ma T cell popanda chizindikiro choyamba chija. Anawapatsa mlingo wochepa maulendo 500 poyerekeza ndi umene anyani analandira osadwala. Pasanathe maola ochepa onse 6 anali atatentha thupi koopsa, magazi akuthamanga motsika, ndipo kenako mapapo ndi impso zinayamba kulephera. Onse anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Palibe anamwalira, koma mmodzi anataya zala za m'manja ndi za kumapazi. Ofufuza anadzapeza kuti gulu la ma T cell limene linatulutsa ma cytokine ochuluka mwa anthu lilibe CD28 mwa anyaniwo, n'chifukwa chake ngoziyo sinaoneke poyamba. Kuchokera pamenepo malamulo anakhwima: mankhwala atsopano otere amayamba ndi mlingo wochepetsetsa, ndipo amapatsa munthu mmodzi kaye n'kudikira asanapatse wachiwiri. Nkhani imeneyi ndimafuna aliyense wonena kuti chitetezo chikakwera ndiye kuti zinthu zili bwino ataimva.

Ena anayesa njira ina, yochotsa choletsa m'malo mokankha selo kuti lidzuke. James Allison anagwira ntchito pa CTLA-4, ndipo gulu la Tasuku Honjo ku Kyoto linapeza PD-1 mu 1992. Awiriwa analandira Nobel mu 2018. Khansa zina zimaphunzira kugwira PD-1 kuti T cell yobwera kudzazipha igone, ndipo mankhwala monga nivolumab ndi pembrolizumab amatseka receptor imeneyo. Pa mtundu wina wa lymphoma wotchedwa Hodgkin, ukabwerera, athandiza anthu ambiri. Koma ena mwa olandirawo amatupa matumbo, mapapo, chiwindi kapena chithokomiro, chifukwa ma T cell omasulidwawo amagwiranso ziwalo zabwino.

Njira yozama kwambiri ndi ya CAR-T. Amatenga ma T cell a wodwalayo, kuwaika jini yopanga receptor yatsopano imene kunja kwake ndi nsonga ya antibody yogwira CD19, puloteni inanso ya ma B cell, ndipo m'kati mwake muli zizindikiro ziwiri zija zitalumikizidwa pamodzi. Amawachulukitsa mu labotale n'kuwabwezera m'thupi. Mu 2012 ku Philadelphia, kamtsikana ka zaka 6 kodwala khansa ya m'magazi imene inakana mankhwala ena onse kanalandira maselo amenewa, pa kafukufuku wa gulu la Carl June. Kanadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndi vuto lofanana ndi la ku London lija. Atayeza magazi anapeza kuti cytokine imodzi, IL-6, yakwera modabwitsa. Panali kale mankhwala a nyamakazi otchedwa tocilizumab, amene amatseka receptor ya IL-6. Atakapatsa, kutentha thupi kunatsika mofulumira, ndipo ma T cell aja anapitiriza kupha khansa. Mwanayo anachira. Taonani kuti moyo wake unapulumutsidwa ndi zinthu ziwiri zosemphana pa nthawi imodzi, china chodzutsa chitetezo pa CD19, china chochiziziritsa pa receptor ya IL-6. Mankhwala oyamba a CAR-T anawaloleza mu 2017. Akadali ovuta kupanga, amapezeka m'zipatala zochepa, ndipo khansa nthawi zina imabwerera itataya CD19 yonse kuti isaoneke. Sindikuwatchula kuti muwafunefune. Pa lymphoma yambiri ya CD20, chithandizo choyamba choyenera ndi chimene adokotala anena kale.

Tibwere ku mabotolo okweza chitetezo. Ine ndikuti musagule, ndipo zifukwa zanga ndi izi. Lymphoma ndi khansa ya maselo a chitetezo eni akewo. Mitundu ina ya khansa za B cell imakhala moyo chifukwa uthenga wa dzuka wochokera pa receptor yake sukuzima, ndipo mankhwala monga ibrutinib amathandiza podula uthenga umenewo m'kati mwa selo. Ndiye botolo lolonjeza kudzutsa chitetezo chonse, osanena kuti likugwira receptor iti, pa selo liti, pa mlingo wanji, likulonjeza chinthu chimene dokotala wa magazi sangafune n'komwe. Ambiri mwa mabotolowo sachita zimene alembazo, ndipo amangomaliza ndalama zofunika pa maulendo a ku chipatala. Ena amachitadi kanthu, koma koipa. Mankhwala a kemo ambiri amaphwanyidwa ndi chiwindi ndi kutuluka kudzera mu impso, ndipo zitsamba zina, monga St John's wort, zimafulumizitsa chiwindi mpaka mankhwala enieni kuchepa mphamvu m'magazi. Zina zimapweteka chiwindicho pamene chili kale ndi ntchito yaikulu. Ngati achimwene ayamba kale kumwa china chake, musachibise. Pitani nacho botololo kwa adokotala alione.

Ndikumvetsa kuti mukufuna kuchitapo kanthu ndi manja anu, ndipo pali zoti muchite zolemera kuposa botolo lililonse. Funsani ngati awayeza hepatitis B asanayambe rituximab. Ma B cell akatha, kachilombo kameneka kamatha kudzuka ngakhale mwa munthu amene anadwala kalekale osadziwa, ndipo kangawononge chiwindi koopsa, pamene alipo mapiritsi oteteza ngati zadziwika msanga. Ayezedwenso HIV, ndipo ngati ali pa ma ARV asasiye, koma adokotala adziwe mtundu wake. Diripi yoyamba ya rituximab amaiyendetsa pang'onopang'ono kwa maola angapo, chifukwa ambiri amanjenjemera, kutentha thupi kapena kuyabwa pamene maselo ambiri akusweka nthawi imodzi. Akamva kubanika kapena chizungulire auze anamwino nthawi yomweyo. Maulendo otsatira nthawi zambiri amakhala opepuka. Katemera wa tizilombo tamoyo asalandire pa nthawi imeneyi popanda chilolezo cha adokotala.

Chachikulu kwambiri ndi ichi. Kemo imagwetsa ma neutrophil, maselo oyera amene amathamangira mabakiteriya, ndipo amatsika kwambiri pakati pa masiku 7 ndi 14 kuchokera tsiku la diripi. Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Chikafika pa 38, kaya ndi usiku, apite ku chipatala osadikira kuti kuche, ndipo asayambe ndi kumwa mankhwala oziziritsa thupi n'kugona, chifukwa amabisa chizindikirocho pamene matenda akulowa m'magazi. Adokotala akaona kuti ma neutrophil akutsika mopitirira, ali ndi jakisoni wa filgrastim, amene amagwira receptor ina pa maselo a m'mafupa n'kuuza thupi kuti lipange maselo amenewa okha. Afunseninso dzina lenileni la lymphoma ya achimwene, chifukwa mitundu ya CD20 positive ilipo yambiri. Ina imakula msanga koma imachizika, monga diffuse large B cell lymphoma imene nthawi zambiri amapereka mankhwala masiku 21 aliwonse maulendo 6, ndipo ina imayenda pang'onopang'ono n'kumasamalidwa kwa zaka. Mukadziwa dzinalo lembaninso muno, tikambirane za mtundu umenewo.